Chotupa cha Achemwali Chapita ku Ulaya

3 Malichi

Kombi, minibasi ya kuno ku Zimbabwe, yoyamba kuchoka ku Chinengundu kupita ku Kadoma, ine ndi achemwali Aida. Khansa ya m'bere yafika m'mafupa. Dokotala Makanaka, mtsikana waulemu, Chishona chake chofewa ngati akupepesa. Akuti kuli kafukufuku wa mankhwala atsopano amene akuyesedwa kumene. Mwina awonjezera miyezi, mwina ayi. Koma choyamba chotupacho chilembe mayeso: aduleko kachidutswa, katumizidwe ku Ulaya, akaone ngati ndi mtundu umene mankhwalawo amagwira. Fomu ya masamba 22. Ndawawerengera achemwali, ndikumasulira m'Chichewa. Pofika tsamba 9 anali akuwodzera. Asayina.

12 Malichi

Chilolezo choti kachidutswa katuluke m'dziko: masiku anayi. Zidindo zitatu. Polemba dziko lochokera: Zimbabwe, popanda wofunsa kumene agogo ake anabadwira. Achemwali, zaka 58, obadwira pafamu ku Muzvezve, pasipoti sanaigwirepo. Pamzere uliwonse amawabweza kuti akatenge kalata yobadwira ya bambo, amene anabwera wapansi kuchokera ku Ntcheu ndi bulangeti limodzi. Anaseka mpaka kutsokomola. "Achimwene, ndakhala ndikulera nzika m'bere osadziwa."

25 Malichi

Kafika. Pandege, m'bokosi la ayezi, ndi nambala yakeyake. Akumpingo anabwera kudzapemphera. Mai Nyasha oyandikana nafe akuti tsopano ndife banja la diaspora, lokhala ndi m'bale kunja, tiziyembekeza katundu pa Khirisimasi.

Ndakumbukira bambo. Amayi awo atamwalira ku Ntcheu, abale anabisa uthengawo mpaka fodya atagulitsidwa, kuopa kuti angathamangire maliro n'kutaya ntchito pafamu. Analira mu Julayi munthu woikidwa mu Januwale. Sanadandaule. Ankati ndimo amamukondera munthu wapaulendo.

Achemwali lero phala masupuni atatu basi. Msana ukuwapweteka.

22 Epulo

Zotsatira. Chotupa chakhoza bwino kwambiri, ndi mtundu weniweni umene akufuna. Mwini wake walephera. M'masabata onsewa odikira chiwindi chafooka, ndipo tsamba 14 sililola munthu wa chiwindi chotero. Salowa m'kafukufuku. Makanaka maso pansi nthawi yonse. Kenaka fomu ina: alole kachidutswa kasungidwe komweko zaka 15, kathandize odwala ena. Ndinapsa mtima, ndinati akabweze. Achemwali anandilanda cholembera. "Kasiyeni, kapeza ntchito. Ndipo ndikapita musakauze, kangabwere kumaliro n'kutaya malo."

Tinaseka tonse atatu. Kuseka kwanga ndinakamalizira panja, kuseri kwa chipatala, nditayang'ana khoma.

9 Juni

Achemwali tinawaika Loweruka. Chisanu. Duku lawo lobiriwira likadali pamsomali kuchipinda kwawo.

Lero masana foni. Makanaka, sanamve za malirowo. Akuti a ku Ulaya atsala ndi mzere umodzi pafomu yawo: mwini kachidutswa ali bwanji?

Ndinayang'ana dukulo. Ndati ndiwauza fodya akagulitsidwa.