Ndikudziwa amene sanamuvotere mwana wanga

Aphungu,

Ndili ndi ana awiri aakazi, Corrie wa zaka 13 ndi Lydia wa zaka 10. Kusukulu sapita, ndimawaphunzitsa ndekha patebulo lomwe timadyerapo. Lachinayi lililonse timakumana mu holo ya tchalitchi ndi mabanja ena asanu ndi limodzi ophunzitsa ana pakhomo, kuti ana azichitira limodzi zimene sizitheka pabanja limodzi.

Mu Novembala, akuluakulufe tikukonzekera kukavota, tinati ana nawonso achite chisankho chawo kuti ndale aziphunzire pochita. Mpando unali wa mtsogoleri wa gulu, amene amasankhanso kokayenda tikamatseka maphunziro mu Meyi. Opikisana anali Corrie wangayo ndi mnyamata wina dzina lake Silas. Corrie analonjeza ulendo wa ku Des Moines, likulu la chigawo chathu, kukaona nyumba ya malamulo. Silas analonjeza wa kufamu ya amalume ake kokakwera mahatchi.

Phunziro la chinsinsi cha voti ndinaphunzitsa ndine, ndipo ndinalikometsera zedi. Koma tinapatsa ana mapepala opanda kanthu kuti aliyense alembe pamanja dzina la munthu wake, n'kuponya m'bokosi la nsapato. Owerenga mavoti tinali ine ndi mayi wina. Mwa ana khumi ndi asanu, Silas anapeza mavoti asanu ndi atatu, Corrie asanu ndi awiri. Ndikutambasula pepala lina, ndinaona malembedwe a Lydia. Zilembo zimenezo ndinamuphunzitsa ndine nditamugwira dzanja, ndipo amakanikiza pensulo mpaka zimaonekera kuseri. Analemba Silas. Ndinangowerenga n'kupitiriza ngati sindinaone kanthu.

Vuto ndi loti Corrie anali atalemba m'kope mwake mayina asanu ndi atatu a omuvotera, kuphatikizapo lake. Ena onse anachita kuwapempha, koma kwa mng'ono wakeyo anangonena kuti, "Iwe ndiye sindikufunsa n'komwe, ndiwe wanga kale." Tsopano akudziwa kuti mmodzi anamutembenukira, ndipo mlandu waukankhira kwa Joelle, mnzake wa pamtima kuyambira ali aang'ono. Tikubwerera kunyumba anati, "Amayi, ndi Joelle ameneyu. Ndamuona akuseka ndi mlongo wake wa Silas. Munthu angaseke choncho mnzake atagwa?" Lydia anali kumpando wakumbuyo, akungoyang'ana pawindo.

Patha masabata atatu. Foni za Joelle Corrie sakuyankha, ku holo akukhala patali. Mayi ake a Joelle anandiuza kuti mwanayo analira mpaka kutupa maso. Lydia naye wayamba kuyalira mkulu wake bedi popanda womutuma, zomwe sanachitepo chibadwire. Amuna anga, omwe sakudziwa za pepalalo, akuti, "Si masewera awa? Pofika Khirisimasi akhala ataiwala." Koma ana athu alibe anzawo ambirimbiri ngati a kusukulu. Corrie akataya Joelle, wataya yekhayo.

Ndikaulula, ndapereka Lydia komanso ndaphwanya zomwe ndinaphunzitsa ndekha. Ndikakhala chete, mwana wa eni akusenza mlandu wosalakwa. Mutu wandiima, Aphungu. Nditani?

H.D.V., Orange City

Mayi H.D.V.,

Khazikani mtima pansi, nkhaniyi ili ndi potulukira. Koma tiyambe ndi chilungamo: wolakwa pano si Lydia, si Joelle, ndi akuluakulunu. Munapatsa ana mapepala olemba pamanja, kenako n'kuika amayi awo omwe kuti awerenge. Mayi amene amachonga kope la mwana wake tsiku ndi tsiku angalephere bwanji kuzindikira malembedwe ake? Chaka chamawa sindikizani mayina, ana azingochonga.

Dzina la Lydia musalitchule. Musayesenso njira yachidule yomuuza Corrie kuti, "Ndikudziwa kuti si Joelle." Mtsikana wolemba mayina m'kope ndi wochenjera, adzakufunsani nthawi yomweyo kuti ndiye ndani, ndipo adzayamba kuchotsera mmodzimmodzi mpaka kufika kuchipinda kwake komwe. Mapanga awiri avumbwitsa.

Chofunika kuchiza si funso loti ndani. Ndi maganizo a Corrie oti wosamuvotera ndi mdani. Mutengeni nokha awiri, kaya pagalimoto popita kogula zinthu, mumufunse umboni womwe ali nawo kupatula kuseka. Kenako mumufunse funso lovutalo, loti kodi zitakhala kuti Joelle anasankhadi mahatchi, zaka zonse zija zathera pa kapepala? Muuzeni mosapita m'mbali kuti lonjezo la pa kampeni si voti, n'chifukwa chake pali bokosi. Aphunzire kuluza tsopano, pamene chotayika ndi ulendo wa mu Meyi basi. Akafewa, mupite naye kwa Joelle akapepese yekha, ndi pakamwa pake. Inuyo imbiraniko mayi ake a Joelle lero lomwe, adziwe kuti simunakhale manja lende.

Za Lydia, bedi akuyalalo likunena zambiri. Mwanayu akuganiza kuti anaba, pomwe anangovota. Musamupanikize pakona. Tsiku lina pa phunziro, onse awiri alipo, bwerezani nkhani ya chinsinsi cha voti, munene momveka kuti wovota sakakamizidwa kuulula kwa aliyense, ndipo kusankha mosiyana ndi m'bale wako si kumuda. Onjezani kuti wofuna mpando amapempha voti kwa aliyense, ngakhale kwa amene amagona naye chipinda chimodzi. Corrie amve mbali yake, Lydia amve yake. Ngati Lydia adzafune kuuza mkulu wake, adzatero pa nthawi yake, ndipo inu mudzakhale pafupi. Ngati sadzafuna, ndi ufulu wake.

Amuna anu auzeni kuti kwa mwana wa zaka 13 palibe chisankho chamasewera. Koma za pepala lija, iwonso asamve.

Chenjezo langa ndi ili, mayi. Mwana wophunzira pakhomo alibe malo ambiri okhala yekha ndi maganizo ake, poti mayi ndi inu, mphunzitsi ndi inu, wochonga mayeso ndi inu nomwe. Lydia anakukhulupirirani pamene munati palibe adzadziwe, ndipo analemba za kumtima kwake. Mukaulula, mwina Corrie adzabwererana ndi Joelle mawa lomwe, koma Lydia sadzalembanso zoona papepala lililonse lomwe akudziwa kuti mudzaliwerenga. Ndipo mapepala ake onse amawerenga ndinu.

Aphungu