Zingwe za M'magazi a Bona

Lolemba, 6 Novembala

Takisi ya ku Kempton yachedwanso. Kufika kuntchito, kapusi kakhanda m'katoni. Mayi ake anagundidwa ndi galimoto. Kulira tsiku lonse, botolo kukana. Ine ku Joni kuno anandilemba yotsuka makola a apusi opulumutsidwa, osati yolera. Amisi wa pageti wakatcha Bonaventure. Dzina kutalika kuposa mchira.

Lachinayi, 9 Novembala

Ndinatopa nalo phokoso, ndangomubereka ndi chitenje n'kumakolopa. Zii, tulo.

A dokotala Tasneem, amene amayeza apusiwa magazi mwezi ndi mwezi, andipezerera. Akuti, "Edna, akakuzolowera, anzake adzamukana. Adzakalamba yekha m'khola." Ndiye ndimusiye afe ndi kulira?

Lolemba, 4 Disembala

Tsiku lotenga magazi. Wogwira ndine, wolumidwa ndinenso. A dokotala andifotokozera kuti mantha akabwera, thupi limathira mahomoni m'magazi, ndipo m'magazimo muli zina zowamangirira ngati mbuzi pachingwe. Mwa khanda zingwezo n'zochepa, mbuzi zimangoyenda mwachisawawa. Iwo akufuna adziwe kuti zingwe zimachuluka liti. Ine ndikufuna ndidziwe kuti chala changa chipola liti.

Lachiwiri, 13 Febuluwale

Chitenje a dokotala aletsa. Bona kukuwa kuseri kwa waya, timanja kunja, ine kukolopa malo amodzimodzi. Amisi akuti, "Achemwali, munachira liti osatiuza?" Sindinaseke.

Masana ndamuberekanso pang'ono kuseri kwa chipinda cha zakudya. Ndikudziwa kuti ndikumuwononga. Ndakwiya ndi a dokotala, ndakwiya naye, ndadzikwiyira ndekha.

Lachisanu, 19 Epulo

Akuti zingwe zachuluka, wakula, tiyese. Amulowetsa m'khola la anzake. Akanathamangira kwa ine pawaya, basi, zake zikanathera pomwepo, chifukwa cha chitenje changa.

Anakhala pakona, kunjenjemera. Kenako pusi wina wamkazi wong'ambika khutu anamukoka n'kuyamba kumufunafuna nsabwe. Ndinamuitana chapansipansi. Sanacheuke n'komwe.

Onse kuwomba m'manja. Nanenso ndinawomba, nanga n'kutani. Kamwana kopanda ulemu! Miyezi yonseyi msana wanga uno.

Chitenje ndachichapa, fungo lake silikuchoka. Anga magazi palibe wawayeza. Mbuzi zanga zonse zadula zingwe.