Ampulifaya yakuda ili ku Zengeza

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno kulokeshoni ya St Mary's mvula yativuta, chimanga cha kuseri kwa nyumba chapserera chisanamasule. Ndinabereka mwana wamkazi mwezi watha, tamutcha Nelesi, dzina lanu. Koma lero ndi tsiku lachitatu thupi lake likutentha, ndipo n'chifukwa chake ndakhala pansi kukulemberani. Ndili ndi mantha, amayi.

Mukukumbukira ampulifaya ziwiri zokuzira mawu zija anakusiyirani azungu anu pothawira ku Joni, yoyera ya ku Japani ndi yakuda ya ku Mangalande? Malume akubwera Loweruka kuchokera ku Dedza kudzagawa katundu wanu. Alamula kuti ina ikhale pano, ina atenge mchimwene wanga Yosefe, ndipo iye monga mwamuna ndiye ayambe kusankha.

Tinaziyesa zonse ziwiri, masipika omwewo, kaseti yomweyo ya pa ukwati wanga, momwe mukumveka mukutsogolera nyimbo ya amayi a Mvano. Yoyera ija ndi chilombo. Mabatani mbwee, ukangopotoza pang'ono denga lonse njenjenje, mpaka aneba kutulukira panja. Koma mawu anu amatuluka owuma, ngati mukuyimbira m'chitini. Yakuda ili ndi timabatani tinayi tokha, siikuwa. Koma maiwe! Mumamveka mpaka popuma, ndi kakhosomole kanu kaja musanayambe ndime yachiwiri. Ababa atamva anatembenukira kukhomo la kukhitchini. Chiyambire tsiku limenelo sadya kanthu ndisanawaikire kasetiyo pa yakuda. Pa yoyera amangoti si inu.

Yosefe poyamba ankafuna yoyera, ya madansi ake a kumashopu a ku Makoni. Kenaka wokonza mawailesi wina anamunong'oneza kuti yakudayo ndiyo yapamwamba, anthu a m'tauni amailimbirana. Basi watembenuka, wapeza kale woigula. Ndamudandaulira za ababa, iye amangondiyankha m'Chishona cha eni dziko kuno, maso ali kumbali.

Ndiye ndinachita choipa. Munkati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Lolemba ndinaikulunga m'chitenje, n'kuibereka kumsana ngati mwana, n'kukaibisa kwa mnzanga ku Zengeza. Ndikudziwa, katundu wa malemu satuluka m'nyumba asanagawidwe, munandiuza nokha pa maliro a azakhali. Lachiwiri Nelesi anayamba kutentha. Kuchipatala ati ndi chimfine chabe. Ababa nawo sanadye bwino chichokere ampulifayayo, ndiye ndapindulanji ine chitsiru?

Mawa m'mawa ndikaitenga. Loweruka ndidzagwada pamaso pa malume, ndidzaulula ndekha, kenaka ndidzapempha kuti Yosefe asanasankhe, onse akhale pansi amve kasetiyo pa zonse ziwiri ababa ali pomwepo. Akaitengabe, aitenge akuwayang'ana.

Ndikukulonjezani zimenezi, ndipo ndimakukondani monga kale. Koma ngati mwakwiya, amayi, bwerani kwa ine. Mwanayu msiyeni, sanakhudze kanthu.

Ndine mwana wanu,
Esinati