Kapeti ya zitenje za amayi

Loweruka, mvula isanayambe. Tsiku la chipambano.

Dziko lonse lidziwe kuti lero chipinda changa cha ku Kanyama chalandira kapeti yoluka, yozungulira ngati chipewa cha abusa.

Anandilukira ndi Bana Chanda a ku Chawama. Pokatenga ndinapisa chala m'mizere kuti ndione ngati yathina. Iwo anati, "Ba Phiri, chosaniko chikumo, iyi si digiri yanu, siimasuka." Malamulo andipatsa: kuikutumula panja, osainyika m'madzi, ndipo mvula ikangogunda pamalata, kuiponya pamwamba pa wodilopu madzi asanalowe pakhomo. Ndawamvera kuposa mmene ndinkamverera aphunzitsi a ku yunivesite.

Masana kunabwera mlongo wanga Esinati. Anavula nsapato, mwendo uli m'mwamba anaima.

"Iyi yachikasu ya tunsomba, ni chitenje cha amai?"

Ndinavomera. Ndinamufotokozera mwaulemu kuti zitenje za malemu zinakhala zaka ziwiri m'sutikesi, tikudikira kuti abale agwirizane tsiku logawana, ndipo amene ankagawana mokhulupirika anali mphemvu zokha. Mfundo zanga zinali zolimba, ndipo ndikadali nazo.

"Sembe munanisiyilako chimozi chabe, nikazivala ku chechi," anatero. Kenako anayenda motsamira khoma mpaka pampando, osaiponda. Tiyi sanamwe.

Kapeti ndi yokongola, sindinalakwe kusankha woluka. Koma chitenje chodulidwa sichibwerera, ndipo chachikasu chija ndi chimene amayi ankamuberekera Esinatiyo. Inenso chifikireni ndikungoilumpha.