Munda wa Kudambo Ndi Wako, Patson

Walsall, England
9 Okutobala 2006

Wokondedwa mwana wanga Patson,

Moni wa kuno kutali. Kaya wadzuka bwanji pamodzi ndi apongozi anga ndi ana kumeneko ku Mponela? Ine ndili bwino, kungoti kuzizira kwandilowa m'mawondo.

Dzanja ukuonali ndi la mlongo wako Esnath, poti sukulu sindinaiponde, koma mawu ndi anga. Ndamuuza kuti akasintha ngakhale limodzi ndidziwa.

Mwamuna wake, Gomezgani, amaphunzira mbiri yakale ku yunivesite ku Edgbaston. Lachiwiri ananditenga kuti ndikaoneko. M'basi ndinamufunsa chimene chimamusowetsa mtendere m'mabukumo. Akuti ndi Amongolo, anthu a pa akavalo amene analamulira Perisiya zaka mazana asanu ndi awiri zapitazo.

Akuti mfumu ina itamwalira, akuluakulu anasonkhana napereka mpando kwa mng'ono wake, kumusiya mwana wa malemuyo. Anandifunsa kuti wolakwa ndani. Ndinayankha mokweza, mpaka azungu kucheuka, kuti palibe cholakwa, mwana akafune zake kwa atsibweni ake, ndiwo mwambo. Iye anaseka, amvekere a dadi mwayankha ngati munaliko.

Ndinaliko, Patson. Chaka chimene tinaika bambo ako, mkulu wanga Albert, ndinalankhula mawu omwewo pa tsiku lometa. Ndinatenga munda wa kudambo, ng'ombe ziwiri ndi ngolo. Iwe ndi mayi ako munachoka ndi mphasa ndi ndowa.

Gomezgani izi sankazidziwa, anangopitiriza. Akuti mwana uja anasonkhanitsa nkhondo, ndipo patatha zaka ziwiri anawagwira bambo ake aang'onowo. Powapha sanakhetse magazi, anangowathyola msana, chifukwa kwawoko magazi a m'banja lachifumu sankayenera kugwa pansi. Ufumu unabwerera kwa mwana uja, kenaka kwa ana ake.

Ndinafunsa ngati mwanayo asanatenge mkondo anayamba wapita kukapempha. Akuti mabuku amakamba zambiri, koma mtima wake sadziwa.

Iwe sunasonkhanitse nkhondo. Zaka khumi ndi zitatu wakhala ukubwereka munda wa eni, ine ndikukolola wa bambo ako. Atamwalira mayi a Esnath, unabwera ndi khasu m'mamawa, nukumba manda pamodzi ndi adzukulu, nuchoka osadya. Ndinakuona. Ndinayang'ana kumbali.

Mwambo sindikuunyoza, ndinabadwiramo. Koma Albert ali gone m'chipatala anandigwira dzanja nandiuza kuti mundawo ndi wa Patson. Tinali awiri basi. Sindinauzepo munthu, ngakhale Esnath akumva lero, ndiye ukaona zilembo zakhota apa usadabwe.

Tsono tamva. Pita kwa a Bishop Kachiwanda amene ndinawasiyira makiyi a pakhomo panga, uwaonetse kalatayi. Ng'ombe zija zinafa, koma zinasiya zisanu. Tenga zonse, ndi ngolo yomwe, gudumu lakumanzere likufuna kukonza. Ukalime mvula isanagwe, usandidikire.

Kupepesa sindipepesera papepala ngati mwana. Ndifika pa 2 Disembala. Ndidzabwera ndekha pakhomo pako, ndidzaima kubwalo. Ukadzafuna udzandipatse mpando.

Undiperekere moni kwa mayi ako. Uwauze kuti akhalepo tsikulo, ali ndi mawu amene ndiyenera kuwamva. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine bambo ako aang'ono,
Levison Chimbalanga