Masensa akumbuyo asiya kulira

Lachinayi, Okutobala. Tsiku lotentha, londikwiyitsa.

Masensa akumbuyo kwa galimoto ya abwana, aja amachenjeza ukayandikira chinthu, asiya kulira. M'mawa pobwerera m'mbuyo ndinatsala pang'ono kuponda mwana wanga Tadala akukwawa pabwalo. 

Fyuzi ndi yabwinobwino. Amake Tadala anandigwirira buleki, giya ili pa rivesi, ine ndikuika khutu pa sensa iliyonse. Yamoyo imagunda ngati wotchi, koma zonse zinayi zinali zii. Nditalowa pansi ndinapeza waya wodukaduka, manyi a khoswe ali mbwee. Khosweyo wabwera ndi matumba a usipa amene amagona mu buti.

Ndauza abwana. Akuti, "Iwe khosi ulibe? Uzicheuka."

Mawa ndilumikiza wayayo ndekha ndi tepi. Koma usipa wina ukubwera Loweruka, ndipo khosweyo sindinamugwire.