Akuti Nthawi Yodandaula Inandithera

Lachinayi. Kwatentha moipa, ndipo ndabwerako ku tiribunali, kukhoti kuja.

Kampani ya malole ya akumpadre anga, a Fulujensiyo, ankhoswe a mwana wanga paubatizo, inagwa. Khoti likugawa katundu wotsala kwa onse amene kampaniyo inawadyera ndalama. Nane ndinapita, poti ndinkaphikira madalaivala awo chakudya koma malipiro osawaona. Adivogadu, loya wa kampani, suti yake yonunkhira perefyumu, waimirira n'kunditsutsa pawiri. Akuti nkhani yanga ndinaisuma kale kukhoti lina n'kuichotsa ndekha, ndiye singalowenso muno. Akutinso nthawi imene lamulo limapereka kuti munthu adandaule inandithera kalekale.

Kusuma ndinasumadi. Koma a Fulujensiyo anabwera kwathu kuno ku Degue, chipewa m'manja, atanyamula ndi nkhuku yomwe. Anati, "Akumadre, munthu amene ananyamula mwana wanu paubatizo n'kumukokera kukhoti? Tikambirane mwachibale." Manyazi anandigwira, mlandu ndinakauchotsa. Chaka n'chaka ankangoti dikirani, ine n'kumadikira ngati chitsiru. Kani iwo ankadikira kuti lamulo linditsekere pakamwa.

Potuluka ndakumana nawo pakhonde. Nkhope osagwetsa, andipatsa moni akumwetulira. "Akumadre, mwana wathu uja akukula bwanji?"

Ndayankha kuti akukula bwino. Ndapindanso ndi maondo, monga ndimachitira nthawi zonse.

Adivogadu uja ndi ntchito yake, ndamusiya. Akumpadre ndawadziwa tsopano. Chomwe chikundinyansa kwambiri ndi maondo angawa, kuti mpaka lero akumupindirabe munthu ameneyu...